Fumbi la ku Domasi Mission ndi oyilo wa mu injini

Ukachoka mumzinda wa Zomba pa msewu wa M3 kulowera ku Liwonde, cha ku Songani ndi Domasi mapiri amakhala kumanzere. Kumeneko ndi komwe kuli Domasi Mission, m'chigwa cha mtsinje wa Domasi, phiri la Zomba mbali ino, la Malosa mbali inayo. Anaitsegula ndi Alexander Hetherwick wa Church of Scotland mu 1884, m'dera la Mfumu Malemia, ndipo lero ili pansi pa Sinodi ya Blantyre ya CCAP. Malo ndi okongola, koma ukangosiya phula, galimoto imamva.

Ndinapitako mu Okutobala pa Sienta ya achimwene anga, amene amadyera galimoto yomweyo ponyamula anthu. Fumbi linali kobo. Pa galasi panali kasitika ka sevisi kosonyeza kuti patsala makilomita 1,000, koma iwo akuti mawa lomwelo akukataya oyilo.

"Achimwene, si kuwononga ndalama kumeneko?"

"Iwe, sitika inayamba yakwerapo mtunda uno?"

Akunena zoona. Mabuku a magalimoto ambiri ochokera ku Japan (amene timangowasiya m'kabokosi poti ali m'Chijapani) amapereka malire awiri. Pa msewu wabwino amati makilomita 10,000 mpaka 15,000, kapena chaka. Pa fumbi, zitunda ndi maulendo afupiafupi, malirewo amawadula pakati. Zitatu zonsezi kuno zilipo. Fumbi likadutsa fyuluta ya mpweya yotopa limakasakanikira mu oyilo n'kumapala zitsulo ngati mchenga. Ulendo ukafupika, injini siitentha mokwanira kuti chinyezi ndi petulo wolowa mu oyilo ziuluke. N'chifukwa chake amakaniko ambiri amalemba 5,000, ndipo kwa ine, pa msewu ngati uwu, sakukubera.

Amene amapusitsika kwambiri ndi eni galimoto yongodzuka Lamulungu kupita kutchalitchi. Makilomita sakwana msanga, koma miyezi ikamadutsa oyilo amakalamba ndithu.

Tisanatsike, achimwene anasolola kachitsulo koyezera oyilo, kukapukuta, kukabwezera n'kukasololanso. Kuda kokha sikuwaopsa. Chimene amaopa ndi oyilo wotsika pansi pa mzere, kapena wooneka ngati tiyi wamkaka, chizindikiro choti mwalowa madzi. Injini ikanoka, Sienta imakhala pa miyala pomwe fizi ya ana ikudikira.