Madrasa ndi Sukulu Siziri pa Udani

Amayi anzanga, mayi anga ondibala ankalakatula Korani pamtima, koma kalata ya bambo ikafika kuchokera ku Joni, ankapita nayo kwa anansi kuti akawawerengere. Agogo anawakaniza sukulu ya mishoni poopa kuti akatayako chipembedzo. Manyazi amene ndinkawaona pankhope pawo sindidzawaiwala.

Ndinakula ndikuyesa kuti msungwana wa Chisilamu ayenera kusankha chimodzi, Korani kapena cholembera. Amene anandichotsa maganizo otere ndi mayi wina wa kutali ku Indonesia, Rahmah El Yunusiyah, yemwe mbiri yake ndinaiwerenga nditakula kale.

Mayiyu anaphunzira chipembedzo kwa mashehe otchuka a kwawo, ndipo m'chaka cha 1923 anatsegula Diniyah Putri, sukulu ya asungwana okhaokha, m'tauni ya Padang Panjang. Kumeneko maphunziro anagawidwa m'makalasi, ndipo pamodzi ndi Korani ndi Chiarabu, asungwana ankaphunziranso zaumoyo, kuphika ndi kuomba nsalu. Chivomezi cha mu 1926 chitagwetsa nyumba za sukuluyo, iye anayenda mitunda italiitali kupempha thandizo, naimanganso. Mu 1957 akuluakulu a Al-Azhar ku Cairo anamlemekeza ndi dzina la Syaikhah, kutanthauza shehe wamkazi.

Taonani, amayi: amene anachita zimenezi sanali mdani wa chipembedzo, koma mphunzitsi wake weniweni. Tsono mwana wanu wamkazi akaweruka ku sukulu, apite ku madrasa. Akaweruka ku madrasa, atsegule mabuku ake. M'mera mpoyamba. Makalata ake adzawerenge yekha.