Chala Chimodzi pa Nsambo Zinayi

Mayi amene amayambitsa nyimbo m'kwaya yathu safunsa oimba zida kuti ali pa kiyi yanji. Amangodzutsa mutu n'kutulutsa mawu pamene mmero wawo wafika tsiku limenelo. Lamulungu lina amayambira pa C, lina pa D, ndipo m'mawa wa mu June kukazizira amatsikira pa B flat. Ine ndi ukulele wanga tiyenera kuwapeza asanamalize mzere woyamba. Chondithandiza n'chala cha mkombaphala cha kumanzere, chogonekedwa mopingasa pa nsambo. Oimba timati barre.

Ntchito yanga ndi kuphunzitsa ana ndi akulu kuimba ukulele, ndipo zida zikawonongeka ndimazikonza ndekha. Kachida aka kwawo ndi ku Hawaii. Anthu a ku chilumba cha Madeira amene anafika ku Honolulu mu 1879 pa sitima ya Ravenscrag anabwera ndi timagitala takwawo, ndipo akalipentala atatu mwa iwo, Manuel Nunes, José do Espírito Santo ndi Augusto Dias, ndiwo anayamba kupanga chimene lero timachitcha ukulele. Nsambo zake ndi zinayi, zochunidwa G, C, E, A. Kuchepa kwa nsambozi kumakopa ambiri, ndipo sabata yoyamba sikhumudwitsa munthu: C imafuna chala chimodzi, A minor chimodzi, F ziwiri, G zitatu. Pofika Loweruka mwana akuimbira kale makolo ake pakhonde.

Kenako pamabwera B flat, ndipo apa m'pamene ndatayapo ophunzira ambiri.

Ife timalemba chord ndi manambala anayi, kuyambira nsambo ya G kutsika mpaka ya A, nambala iliyonse kusonyeza fret yoti mudinepo, kutanthauza mpata wa pakati pa tizitsulo ta pakhosi la ukulele. B flat ndi 3211. Yang'anani bwino: ndi chord ya A, 2100, imene yangosunthidwa fret imodzi. Pa A, nsambo ziwiri zapansi zimalira zosadinidwa chifukwa zatsamira pa nut, kafupa kaja kamene nsambo zimadutsapo kumutu kwa chida. Mukasuntha dzanja, kafupako sikakutsatani. Chala cha mkombaphala ndicho chimalowa m'malo mwake. Mukamvetsa zimenezi, khosi lonse la ukulele lakutsegukirani, pakuti 4322 ndi B, 5433 ndi C, 7655 ndi D, zala zili m'malo omwewo.

Chaka chatha ndinali ndi mtsikana wa zaka 12 amene makutu ake anali akuthwa kuposa a akulu ambiri. Atagwira B flat, chikhadabo cha chala chake chachikulu chinayera mbuu chifukwa chofinya khosi la ukulele, koma nsambo ya E inangoti thi, osalira. Anabwereza kachitatu, misozi ikulengeza.

"Aphunzitsi, zala zanga zilibe mphamvu."

"Mphamvu uli nazo zochuluka, mwanangu. Tambasula dzanja ndione."

Ndinamuonetsa kunsi kwa chala chake. Pamfundo iliyonse pali mzere wolowa, ndipo nsambo inkagwera mu mzere womwewo, m'mnofu wofewa. Angafinye mpaka mawa, siikanakhudza bwino fret. Ndinamupendeketsa chalacho pang'ono chabe, kuti mbali yake yoyang'ana chala chachikulu, komwe fupa lili pafupi, ndiyo igone pa nsambo. Ndinachikankhira pafupi ndi kachitsulo ka fret, chifukwa pakatikati pamafuna kudina kwambiri. Chala chachikulu, chimene chinkasuzumira pamwamba pa khosi, ndinachitsitsira kumbuyo kwake, moyang'anizana ndi chala chapakati. Mkono wamanja ndinati ukanikize mimba ya ukulele pachifuwa, kuti dzanja lamanzere lisiye ntchito yonyamula chida. Atakodola nsambo imodziimodzi, zonse zinayi zinalira ngwee. Anandiyang'ana osanena kanthu, n'kukodolanso.

Pali chinanso chimene ndimauza aliyense. Pa B flat, mkombaphala ntchito yake ili pa nsambo ziwiri zokha, E ndi A. Zina ziwirizo zadinidwa kale ndi zala zina kutsogolo. Wodina zonse zinayi mofanana amangotopetsa dzanja pachabe. Ndipo sindiyambitsa munthu barre pa fret yoyamba ayi, ngakhale mabuku ambiri amayambira pomwepo. Pafupi ndi nut nsambo zimauma gwa. Ndimayambira pa fret ya 5, chala chokha popanda china, 5555, imene ndi D minor 7. Ikalira bwino timatsika fret imodziimodzi, masiku angapo, mpaka tikafike poyamba.

Nthawi zambiri wolakwa si chala konse, ndipo nkhani imeneyi imandiwawa. Ndinaitanidwapo pa sukulu ina imene inalandira maukulele otchipa angapo. Ana anali atayamba kale kunena kuti chidachi n'cha anthu a zala zazikulu. Nditayesa, ngakhale ine B flat inkandikana. Ma nut onse anali aatali mopitirira, nsambo zili m'mwamba ngati chingwe choyanikapo zovala. Kuyesa kwake n'kosavuta: dinani nsambo pa fret ya 3, muyang'ane mpata wotsala pakati pa nsamboyo ndi kachitsulo ka fret yoyamba. Mpatawo uzikhala wongolowa kapepala. Pa fret ya 12, nsambo yosadinidwa italikirane ndi kachitsulo mamilimita 2.5 kapena 3. Ndinakhala masana onse ndikupala timipata ta nut ndi katupa kakang'ono, kupala kawiri n'kuyesa, kupala kawiri n'kuyesa, chifukwa ukapitiriza nsambo imasasa mawu ndipo fupa lopalidwa silibwerera. Madzulo ana omwe aja anagwira B flat.

Chord imene oimba ukulele kulikonse amaidandaula ndi E. Imalembedwa 4442, kutanthauza D, 2220, yokwezedwa ma fret awiri. Pa ukulele waung'ono wa soprano, umene nsambo zake zimalira pa utali wa masentimita 33 okha, zala zitatu za munthu wamkulu sizikwana bwino mu fret imodzi. Ena amagoneka chala cha mphete pa nsambo zitatu, n'kuchipinda chammbuyo pamfundo kuti chisakhudze nsambo ya A. Kwa amene mfundo yawo imalola, njirayi ndi yabwino. Koma si zala zonse zimene zimapindika chotero, ndipo sindikakamiza munthu. Wa zala zonenepa ndimamupatsa 4447: barre pa fret ya 4, kachala kotsiriza pa 7. Imeneyi ndi C yoyambirira ija, 0003, itakwera phiri. Mawu ake ndi oyera, ndipo kwa ine ndi okoma kuposa a inzake.

Anzanga ena amati bwanji osangomanga capo, kachipangizo kopanira nsambo zonse pa fret imodzi. Capo ndi yabwino mukadziwiratu kiyi. Mayi athu sadikira kuti mumange kanthu, ndipo kwaya ikatenthedwa imakwera yokha pa ndime yomaliza. Nyimbo zambiri za m'tchalitchi zimayenda pa ma chord atatu, ndipo atatuwo amakhala moyandikana: 3211, 3331 ndi 5553, kutanthauza B flat, E flat ndi F. Kwezani zonse ma fret awiri, mwalowa mu C. Ndikamva mayi ayamba, ndimatsetsereza dzanja mwakachetechete mpaka chord yoyamba igwirizane ndi mawu awo, ndipo zina ziwirizo zimakhala zili pomwepo kundidikira. Barre ili ndi mphatso inanso. Popeza palibe nsambo yolira payokha, mukangomasula chala pang'ono mawu onse amaduka nthawi yomweyo. Kaduliridwe kameneka ndiko kamapatsa reggae kudumpha kwake, ndipo ndi nsambo zosadinidwa simungakapeze bwino.

Za ululu ndinene mosabisa. Kunsonga kwa zala kumawawa masabata oyamba mpaka khungu litakhwima, ndipo zimenezo zilibe vuto. Koma ululu wa pamfundo ya dzanja kapena pansi pa chala chachikulu ndi chizindikiro choti mukufinya kapena mwapinda dzanja moipa. Siyani, mupume, mukonze kagwiridwe. Mphindi 10 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola awiri Loweruka lokha.

Mtsikana uja tsopano amakhala pambali panga m'kwaya, ndipo Lamulungu lapitali mayi atayambira pa B, anaipeza ine ndisanaipeze.

Inu makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a makwaya amene mukugulira ana zida izi, musanalipire dinani nsambo pa fret ya 3 muyang'ane mpata uja. Ngati munagula kale ndipo mwana akuti zala zake zilibe mphamvu, pitani nacho chidacho kwa mmisiri akaone nut mwanayo asanataye mtima.