Kusaka thileyi ya mabisiketi mumsika wa Ndirande

Okhoma zidebe a mumsika wa Ndirande safunsirwa njira. Ukangotsika minibasi umatsata kulira kwa hamala mpaka kufika pamene pansi pali mbwee tizidutswa ta malata. Apa pasanjikizana mbaula, ndowa ndi makeni othirira kudimba. Mathileyi ophikira sakhala kutsogolo. Amawayedzamiritsa kumbuyo kwa mbaula, poti owafuna, amayi a geni ya masikono ndi obama, amadziwa kale pofikira.

Ine ndimafuna ya mabisiketi, ndipo bisiketi ndi yovuta kusiyana ndi sikono. Ndi yopyapyala, shuga ndi majarini zachuluka, kunsi kumapserera pamwamba pasanafiire n'komwe.

Yoyamba kundipatsa inali ya lata lofolera nyumba, lowongoledwa bwino ndi kupindidwa m'mbali. Yopepuka, yowala, mtengo wake wosaboola m'thumba. Mmisiri, bambo wachikulire wa pensulo kukhutu, anaigwira m'makona awiri n'kuipotoza pang'ono, iyo n'kulira kuti phwa! Mu uvuni imachitanso zomwezo: ikatentha imabenda, mabisiketi n'kutsetserekera mbali imodzi. Vuto lina ndi kuwala komweko. Lata amalikuta ndi zinki kuti lisachite dzimbiri padenga, ndipo zinki sanaikidwepo kuti azikhudzana ndi chakudya, makamaka chowawasa.

Pambali pake panali mathileyi akuda, olemera, odulidwa kumigolo. Awa amakhalitsa zaka, ndipo ophika buledi mu uvuni wanjerwa amawakonda. Koma chitsulo chakuda chimamwa moto msanga, kotero bisiketi imada kunsi mkati mukadali mwamuwisi. Ndinafunsa bambowo kuti mgolowo munali chiyani kale. Anangoseka n'kutambasula manja. Mgolo wa mafuta ophikira ndi wa mankhwala ukawotchedwa n'kuphwanyidwa umaoneka chimodzimodzi, ndiye funsolo si lamwano, ngakhale ena amakwiya nalo.

Ya aluminiyamu anachita kukaitenga mkati mwa kashedi. Yotuwa, yosakongola, ya zipsera za hamala. Imeneyi ndiyo yoyenera bisiketi. Aluminiyamu imayendetsa kutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa chitsulo wamba, choncho moto ukachuluka pakona imodzi umamwazikira thileyi yonse m'malo motentha bisiketi zapakonapo. Sichita dzimbiri, ndipo poti ndi yoyera siimwa moto mwaphuma. Chofunika n'kukhuthala kwake. Yopyapyala ngati chitini imabenda ngati lata lija. Yabwino ndi imene ukaigwira pakona imodzi siiwerama. Imathimbirira ikakalamba, inde, komanso sigwirizana ndi zowawasa monga mandimu, koma pepala lophikira kapena kupaka majarini kumathetsa zimenezo.

Mayi wina amene amadikira kuti amuikire chogwirira pa chivundikiro anandifunsa chifukwa chimene sindinapite kumasitolo a ku Chichiri, kumene kuli mathileyi aja osamata. Ndinawaonako, mayi, ndinatero, ndipo ndi okongoladi. Koma zokutira zake zimayamba kuonongeka kutentha kukapitirira madigiri 260. Mabisiketi amapsa pa madigiri 180 kapena kuyandikira apo, zimene uvuni wamagetsi umasunga bwino. Nanga magetsi akathima, munthu n'kutembenukira ku makala, pansi ndi pamwamba, ndani akuyeza madigiri? Komanso ambiri ndi akuda, ndipo mpeni ukangowakanda basi atha ntchito. Mayiwo anavomera ndi mutu, n'kunena kuti iwo amathira mchenga pansi pa sufuliya yaikulu kuti moto usafike mwachindunji pa zigumu.

Bambo aja anafunsa kukula kwa uvuni wanga, poti thileyi yogunda makoma imatsekereza mpweya wotentha. Tinayeza ndi zikhatho, n'kusiya mpata wa zala ziwiri mbali zonse. Ndinawapempha kuti mkombero ukhale waufupi, mbali imodzi isapindidwe n'komwe kuti mabisiketi azitsetsereka potulutsa. Anati ndibwere Lachinayi, ndipo theka la ndalama ndisiyiretu.