Dzuŵa, Batire ndi Kafiriji ka M'galimoto

Ife a mu Blantyre sitidzachiiŵala msanga chaka cha 2022. M'mwezi wa Januwale namondwe wotchedwa Ana adagumula damu la ku Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 a magetsi, kufikira makinawo adayambanso kugwira ntchito mu 2023. Ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni tinkadya nsima mumdima, ndiwo zikusasa. Ambirife tinkangodandaula n'kugona. Koma mu mpingo mwathu muli mayi wina wa Mvano wodwala matenda a shuga, ndipo insulini amene sanayambe kumugwiritsa ntchito ayenera kukhala pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Kwa mayi ameneyu kuzima kwa magetsi kudali kukhudza moyo weniweni.

Nzeru yowathandiza tidaitola kwa alendo. Mwaziona galimoto zija zodutsa mu Chipembere Highway popita ku Mulanje kapena ku Majete, hema atalipinda padenga. Pambali pa hemayo pamakhala sola, ndipo kumbuyo kumakhala kafiriji konga bokosi la zovala, koyendera mavolti 12. Anthu ameneŵa amagona m'tchire sabata yathunthu, mkaka wawo osaonongeka. Mwana wa mayiyo, makaniko wa ku Limbe, ndiye adafunsa kuti chotheka m'galimoto chingakanikirenji m'nyumba ya amayi ake. Masamu ake adanditulira ine, poti ndine mphunzitsi.

Masamuwo ndi aŵa, ndipo ndikupempha achinyamata aŵerenge modekha. Kafiriji kotere kakamalira kamadya mawati ngati 45, koma sikalira usana ndi usiku, kamalira n'kupuma. Tikati kalira maola 8 pa tsiku, ndiye kuti 45 kuchulukitsa ndi 8, yankho 360. M'mwezi wa Okutobala, dzuŵa likuswa mtengo, kamadya koposa apo. Sola ya mawati 100 ikaombedwa bwino ndi dzuŵa maola 5 iyenera kupereka 500, koma ina mwa mphamvuyo imatayika m'mawaya ndi m'batire. Tsono ife a kuno tili ndi mlendo wathu chiperoni, amene mu Juni ndi Julayi amatha kuphimba phiri la Soche masiku angapo osasuntha. Chifukwa cha iyeyu tidagula sola ya mawati 200.

Batire ndilo mtima wa zonse, ndipo ndi pamene ambiri amatayira ndalama zawo. Batire la asidi lolembedwa 100Ah limasunga 1,200 m'maŵerengedwe omwe aja, koma wofuna kuti likhalitse asatapemo koposa theka. Lili ngati nkhokwe imene simuyenera kuisesa mpaka pansi. Pakati pa sola ndi batire payenera kukhala kontirola, kabokosi koletsa batire kudzaza mopyola muyeso. Fiyuzi ikhale pafupi ndi batirelo, mawaya akhale onenepa, ndipo batire lothira madzi lisakhale m'chipinda chogona, pakuti podzaza limatulutsa mpweya wosachedwa kuyaka. Popeza dziko lathu lili kumwera kwa ikweta, sola iyang'ane kumpoto, ndipo fumbi la m'chilimwe lizipukutidwa.

Pogula tidayenda masitolo angapo, ndipo m'sitolo ina tidaona kasola kakang'ono atakamata pepala la mawati 200, pamene inzake ya mawati omwewo idali yaikulu kaŵiri. Pepala silikana kulembedwa. Mnyamata uja adanyamula kachipangizo kake koyezera, nayeza sola iliyonse panja padzuŵa tisanatulutse ndalama. Wogulitsa wokana zimenezi, mtsazikeni mwaulemu.

Vuto limene masamu anga sadalione lidachokera m'banja momwemo. Anthu atamva kuti kwa mayi uja kuli magetsi osazima, mafoni adayamba kubwera, poyamba a adzukulu, kenaka a anansi, ndipo Loŵeruka lina anyamata adafika ndi wailesi yakanema kuti aonere mpira. Mayiyo ndi wa mtima wofeŵa; kukana mnansi kumawavuta. M'maŵa mwake batire lidapezeka litafooka, kafiriji katazima. Tidakhala pansi ndi banjalo, n'kugwirizana kuti mafoni azitchajidwa masana okha, dzuŵa lili pamutu, ndipo usiku batire ndi la mankhwala basi. Tidaikanso choyezera kuzizira m'kafirijimo, chifukwa insulini akauma ngati ayezi waonongeka ndithu, ngakhale asungunuke.

Kwa achinyamata opita ku misonkhano ku Likhubula ndi galimoto yobwereka, mawu anga ndi aŵa: musalumikize kafiriji ku batire lolizira injini n'kugona. Alendo aja amakhala ndi batire lachiŵiri, ndi kachipangizo kolekanitsa mabatire aŵiriwo injini ikazima. Popanda chimenechi mudzadzuka ndi zakumwa zozizira, koma mudzakankha galimoto m'tsinde mwa phiri la Mulanje.

Tsopano akulu a mpingo tikukambirana zogula kafiriji kena, kakhale ku nyumba ya abusa, pakuti titafunsa m'milaga tidapeza kuti odwala shuga pakati pathu si mayi mmodzi yekhayo. Makaniko uja wavomera kuphunzitsa anyamata ndi atsikana atatu kalumikizidwe kake, Loŵeruka lililonse akaŵeruka ku galaja.