Walira Mvula Walira Matope: Za Browser ndi Njala Yake

Ntchito ya browser ndi kutenga malemba, zithunzi ndi malangizo ochokera kutali n'kuziyala pa sikirini monga momwe mwini tsamba anafunira. Kuyala bwinoko kuli ndi mtengo wake, ndipo olipira ndi memore, batire ndi bandulo.

Laputopu yanga ili ndi memore ya magigabayiti 4 okha. Chrome, imene inatuluka mu 2008, imasunga masamba otsegulidwa m'zipinda zosiyana kuti limodzi likafa lisaphe anzake. Nzeruyi ndi yabwino, ndipo tsamba limaoneka lathunthu, koma chipinda chilichonse chimadya memore yake. Ndikatsegula masamba khumi, fani imayamba kulira, makina n'kumakwawa. Kusamukira ku Edge sikusintha zambiri, pakuti kuyambira mu 2020 iyonso inamangidwa pa Chromium, ndipo injini yake yoyalira masamba ndi Blink yomweyo. Firefox ndiyo ili ndi yakeyake, Gecko, koma nayonso siigona ndi njala.

Pa foni ndimadalira Opera Mini. Ikamasunga data kwambiri, tsamba limayamba ladzera ku maseva a kampani yake, kumene limapanikizidwa lisanandifike. Bandulo imakhalitsa, ndipo nkhani zimatseguka ngakhale netiweki ili yofooka. Komabe malangizo a JavaScript amagwirira ntchito ku maseva komweko, kwa kanthawi kochepa, motero mabatani ena sadinika ndipo mafomu ena satumizika. Kwa munthu wofunsira ntchito tsiku lomaliza, batani losadinika likhoza kumuphonyetsa mwayi wa chaka chonse.

Ife okonda chilankhulo tili ndi nkhawa inanso. Fonti ya tsamba ikasowa chilembo cha ŵ, browser imachibwereka ku fonti ina, n'chifukwa chake m'dzina lakuti Malaŵi nthawi zina chimaoneka ngati mlendo pakati pa anzake.

Ndiye ndinagawa ntchito. Powerenga nkhani ndimatsegula yopepuka. Polipira ndalama, podzaza fomu kapena poona ngati zolemba zanga zayalidwa bwino, ndimatsegula yolemera, tsamba limodzi lokha, n'kuitseka ndikamaliza. Wofuna tsamba lokongola avomerenso njala yake.

Inu a ku Chipata, a ku Tete ndi a ku Harare, kwanuko chimayamba kutha n'chiyani, bandulo kapena memore?