Ndalama za mpunga pa Kamuzu Road

Mpunga wa ku Lifuwu ukamalowa m'matumba cha mu Juni, mwera umakhala utayamba kale kuwomba panyanja, ndipo ambirife timalunjika ku Kamuzu Road. Ana akufuna majuzi, bulangete latha, poto wabooka. Achinyamatafe timathamangira pakaunjika belo likangotsegulidwa, kukalimbirana jekete imene wina anatopa nayo ku Ulaya.

Abale, mavenda amadziwa bwino kuti chisanu sichidikira munthu. Nchifukwa chake mpunga wathu amaugula motchipa m'mwezi womwewu. Wousunga mpaka Disembala amapeza mtengo wabwinoko, koma angadikire ndani ana akunjenjemera usiku?

Amayi athu amaima m'sitolo ya nsalu, nkugwiragwira chitenje, nkufunsa mtengo wake kawiri konse. Kenaka amatuluka, nkukagula ndowa ndi mbale.