Kulondola Nyama Yolasidwa ku Dzalanyama

Munthu akachoka ku Lilongwe kuloŵera kumwera chakumadzulo amaona mndandanda wa mapiri m'malire a dziko lathu ndi Mozambique. Ameneŵa ndiwo mapiri a Dzalanyama, kumene kuli gwero la mtsinje wa Lilongwe, womwe umamwetsa mzinda wonse. Komwekonso kuli Kaphirintiwa, kumene makolo athu ankati mapazi a anthu oyamba ndi a nyama anadindika pathanthwe lisanaume. Boma linaika nkhalangoyi pachitetezo m'chaka cha 1922, koma otentha makala aisakaza kwambiri, kotero kuti mu 2015 asilikali anatumizidwa kukailonda.

Nyama zikuluzikulu zinatha, koma nguluŵe zikalipo, ndipo m'dzinja zimaloŵa m'minda usiku kukadya mondokwa. Tinacheza m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalangoyi m'nyengo imeneyo, ndipo alenje okalamba anatitengera kutchire kukatisonyeza ntchito imene iwo amati njoposa kuwombera, ndiyo kulondola nyama imene yalasidwa koma siinagwe.

Lamulo lawo loyamba ndi kudikira. Nyama yolasidwa ikasiyidwa imathamanga pang'ono, nkugona pamalo oŵirira, mphamvu nkumatha. Ikamva anthu pambuyo pake imadzuka ndi kupita kutali, kumene siingapezekenso. Tsono amene walasa nguluŵe usiku amaika chizindikiro pamene inaima, nadikira kuti kuche, pokhapokha ngati mvula ikubwera, pakuti mvula imafafaniza magazi ndi mapazi omwe.

Kukacha mlenje amayamba waŵerenga magazi. Ofiira kwambiri, okhala ndi thovu, ndi a m'mapapo, ndipo nyamayo siili patali. Akuda bii ndi a m'chiŵindi. Osakanizika ndi zobiriŵira zonunkha amasonyeza kuti chipolopolo chinapyoza chifu kapena matumbo. Nyama yotero imachedwa kufa, ndipo iyenera kupatsidwa maola angapo isanatsatidwe. Amayang'ananso msinkhu umene magazi apakika paudzu ndi pamasamba, kuti adziŵe ngati bala lili kumwendo kapena kumsana. Chiboda chimodzi chikamakwekwereza pansi, ndiye kuti fupa lathyoka.

Polondola sayenda munthu mmodzi. Wina amaŵerama, maso ali pansi, pamene mnzake wamfuti kapena wamkondo amayang'ana kutsogolo. Amayenda pambali pa mapazi kuti asawaponde, ndipo amawaza fumbi kapena phulusa kuti aone kumene mphepo ikuloŵera. Magazi akasoŵa amathyola kanthambi pa dontho lomaliza, nazungulira malowo pang'onopang'ono kufikira atapeza lina. Pofika pa zitsamba zoŵirira onse amachenjera, chifukwa nguluŵe yovulala imatembenukira munthu, ndipo mano ake akunsi ndi akuthwa ngati mpeni. Agalu ambiri afera pamenepo. Akuluakuluwo anatikumbutsanso za njati, imene ikalasidwa nthaŵi zina imakhota nkubisala pambali pa njira yake, kudikira woitsata.

Nchifukwa ninji munthu avutike chotero? Nyama yovulala yosiyidwa m'tchire imazunzika masiku ambiri, bala likuwola. Ndiponso m'njira zomwezo mumadutsa amayi ofuna nkhuni ndi bowa, ndi ana opita kusukulu m'maŵa. Mwambo wakale unkati nyama ndi ya amene anayamba kuilasa, ndipo woimaliza amalandira gawo lake. Pamenepo tikuona kuti mwini nyama ndiyenso mwini udindo. Nalonso lamulo la boma la 1992 loteteza nyama zakutchire limati wolasa nyama yoopsa, akalephera kuipha, akanene msanga kwa oyang'anira.

Abale, kusaka m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo sitikulimbikitsa. Koma inu makolo amene mumalonda minda, phunzitsani anyamata anu kuti asawombere chinthu chimene sakuchiona bwino, ndi kuti akalasa nyama asakagone ngati kuti ntchito yatha.